Bruce wa ku Magomero ndi Listonia: kuyankha achimwene a ku Joni

Imelo yandipeza kuchokera kwa achimwene ena a ku Namadzi koma pano akukhala ku Joni, ndipo funso lawo landigwira mtima moti ndasiya kaye zomwe ndimafuna kulemba sabata ino. Mwachidule akuti: "Agogo anga aakazi akamakamba za thangata ankatchula maina awiri, Bruce ndi Listonia, pena ngati munthu mmodzi pena ngati anthu awiri. Kusukulu tinangophunzira kuti anyamata a Chilembwe anadula mutu wa mzungu wina dzina lake Livingstone. Ndiye mwini malo anali ndani, msilikali anali ndani, ndipo n'zoona zoti anali mdzukulu wa David Livingstone yemwe uja wa m'mabuku? Nanga banja lawo linathera kuti?"

Achimwene, agogo sanasokoneze ayi, anali anthu awiri, kungoti onse dzina la Livingstone anali nalo nde kusakaniza sikuvuta. Listonia ndi William Jervis Livingstone, manijala, munthu wolembedwa ntchito basi, ndipo ndi ameneyu anadulidwa mutu usiku wa pa 23 Januwale 1915. Mwini malo anali Alexander Livingstone Bruce, ameneyu ndiye mdzukulu weniweni wa David Livingstone, mwana wa mwana wake wamkazi, ndipo ndi yemweyunso anali ofisala wa asilikali. Iyeyu usiku umenewo sanakandike n'komwe, anakhala ndi moyo mpaka 1954. Ine chimene chimandinyansa n'chakuti m'kalasi nthawi yonse timathera pa mutu wa Listonia, pomwe dzina la amene ankapereka malamulowo ana ambiri sanalimvepo.

Tiyambire kwa bambo ake a Bruce poti chuma chinachokera kumeneko. Alexander Low Bruce anabadwira ku Edinburgh mu 1839 ndipo ndalama zake anazipeza ku mowa, eya mowa, ankagwira ntchito kukampani yofulula mowa ya William Younger, anayamba ali kamnyamata n'kumakwera mpaka kukhala mmodzi wa mabwana akuluakulu a kampaniyo. Mu 1875 anakwatira Agnes, mwana wamkazi wamkulu wa David Livingstone ndi Mary Moffat. Agnes anabadwa mu 1847 ndipo mwa ana onse ndi amene ankagwirizana kwambiri ndi bambo ake. Mayi ake anamwalira mu 1862 ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi, bambo ake anamwalira mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia. Pali chithunzi china cha 1874 chojambulidwa ku Newstead Abbey ku England pomwe Agnes ali limodzi ndi Susi ndi Chuma, anthu aja ananyamula mtembo wa bambo ake mpaka kunyanja ya mchere, akuyang'ana mapepala ndi mamapu a malemuwo. Chuma ameneyu mumusunge, tikumana nayenso.

Mkamwini uja atalowa m'banjamo anatengera maganizo a apongozi ake, akuti ukapolo ungathe pokhapokha Chikhristu ndi malonda zitalowa limodzi mu Africa. Anakhala dayirekita wa African Lakes, kampani ija ife timaidziwa kuti Mandala, komanso wa Imperial British East Africa Company, ndipo iye ndi mkazi wake anali m'gulu la anthu omwe anayambitsa Royal Scottish Geographical Society mu 1884. Koma kuno sanapondeko phazi ndi tsiku limodzi lomwe. Malo anamupezera ndi anthu ena, makamaka John Buchanan, yemwe anachotsedwa ku mishoni ya Blantyre mu 1881 pa nkhani za nkhanza kenako n'kukhala mlimi wa khofi ndi mkhalapakati wogulira azungu anzake malo kwa mafumu. Kagulidwe ka masiku amenewo mukukadziwa, nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, mfumu ikuganiza kuti yangoloza mlendo pomwe angalime, pepala likunena kuti yagulitsa dziko. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, atabwera pambuyo pa 1891 anapereka masatifiketi otsimikiza malo amenewa, ndipo a Bruce anatuluka ndi maekala pafupifupi 170,000, mwa amenewa 162,000 ndiwo esiteti ya Magomero kumwera kwa Zomba, otsalawo ku Likulezi kufupi ndi Mulanje. Maekala 162,000 ndi masikweya kilomita oposa 650, pomwe boma lonse la Chiradzulu lero ndi 767. Munthu mmodzi, wokhala ku Edinburgh.

Dzina loti Magomero sanalitole pamsewu. Mu Julaye 1861 David Livingstone ali ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya Anglican ya UMCA anakumana ndi mdipiti wa akapolo kwa Mbame n'kumasula anthu 84, ndipo anthu omasulidwawo ndi ena omwe anawonjezereka pambuyo anakakhala nawo pa Magomero m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, pomwe panakhala mishoni yoyamba m'dziko muno. Chuma uja anali mmodzi mwa ana omasulidwa chaka chimenecho. Mishoniyo sinakhalitse, Mackenzie anafa ndi malungo mu Januwale 1862 pomwe Ruo amathira mu Shire, otsalawo anatsikira kwa Chibisa. Ndiye mkamwini potcha esiteti yake dzina limenelo ankakumbukira malo omwe apongozi ake anamasulirapo akapolo. Patapita zaka makumi asanu pamalo omwewo mayi wamasiye ankadzuka m'mamawa kukatola thonje la mdzukulu wa apongoziwo popanda malipiro.

Alexander Low Bruce anamwalira pa 27 Novembala 1893 ali ndi zaka 54. Mu wilo yake malo a kuno anawaika m'manja mwa bungwe losungira ana chuma, A. L. Bruce Trust, ndipo anasiya mawu oti ana ake aamuna adzapitirize zotsegula Africa motsata njira ya agogo awo. Anawo anali David Livingstone Bruce wobadwa mu 1877 ndi Alexander wathuyu wobadwa mu 1881, panthawiyo wina zaka 16 wina 12, ana asukulu. Ndiye pankafunika munthu wokhala pamalopo, ndipo atatsala pang'ono kumwalira bamboyo anali atalemba kale mamanijala awiri, D. B. Ritchie ku Likulezi ndi William Jervis Livingstone ku Magomero. William anabadwa mu 1865, kwawo kunali pachilumba cha Lismore ku Scotland, ndipo ankatengedwa ngati wachibale wa patali wa David Livingstone, ubale wa mfunda umodzi osati wa m'nyumba imodzi. Chifukwa chake mukamva wina akuti amene anadulidwa mutu anali mdzukulu wa David Livingstone, muuzeni kuti walakwitsa munthu.

Listonia anayamba ndi khofi ngati azungu onse a nthawiyo, khofi anakanika, dothi ndi nyengo ya Magomero sizinamulole ndipo mitengo yake pamsika wa dziko lonse inagwa. Anatembenukira ku thonje, ndipo apa tisamunamizire, ulimi ankaudziwa, mbewu ya thonje yomwe inkatchedwa Nyasaland Upland anaikonza ndi iyeyo posankha mbewu chaka ndi chaka mpaka inayamba kuchita bwino kumtunda kuno. Koma thonje limadya manja. Kupalira, kutola, kusankha, zonse zimafuna anthu ambiri, ndipo kupalirako kumagwa nthawi ya dzinja pomwe munthu aliyense akufuna akhale m'munda mwake mwa chimanga. Ndalama zolipira anthu onsewo esiteti inalibe kapena tinene kuti sinkafuna kutulutsa. Yankho linabwera lokha kuchokera kum'mawa.

Zaka za m'ma 1890 kumapeto ndi 1900 kumayambiriro Alomwe ambiri ankawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho, ntchito yokakamiza ndi njala. Satifiketi ya Johnston inali ndi ndime yoti midzi yomwe inalipo kale pamalopo isasokonezedwe, koma munthu wobwera dzulo ndimeyo sinkamukhudza, nde obwerawa ankalandiridwa ndi manja awiri, kupatsidwa pomanga nyumba ndi polima, malinga avomere thangata. Ndipo Listonia ankatenga akapitawo ake okhulupirika n'kuwaika kukhala mafumu a midzi yatsopanoyo, moti nyakwawa yomwe ukanakadandaulira ndi yomweyo inkakudzutsa kuti upite kuntchito. Ngati agogo anu anali Alomwe, achimwene, mwina makolo awo analowera khomo limeneli.

Papepala thangata ankaoneka wopepuka. Mwezi umodzi wa lendi ya malo, mwezi wina wa msonkho wa nyumba womwe esiteti inkati ikulipirira kuboma, yonse miwiri. Boma nalo linkathandizira, pofika 1912 msonkho unali masheleni 8 koma ukagwirira mzungu mwezi umodzi unkatsika kufika 4, ndiye munthu unkakankhidwira kuesiteti kuchokera mbali zonse. Vuto linali pa kawerengedwe ka mweziwo. Tsiku linkalembedwa pokhapokha wamaliza ndime yomwe kapitawo wakupimira, ndimeyo ikakhala yaikulu moti siitheka tsiku limodzi ndiye kuti wagwira masiku awiri koma patikiti palembedwa limodzi, Lamulungu siliwerengedwa, ukadwala siliwerengedwa, mwezi umodzi n'kumatha masabata sikisi kapena eyiti, ndipo miyezi iwiri ija n'kufika inayi kapena isanu, yonse ya dzinja. Ukabwerera kumunda kwako udzu wadya kale chimanga. Malipiro pomwe analipo pena unkapatsidwa fodya m'malo mwa ndalama. Amayi osakwatiwa ndi amasiye, omwe mwa chizolowezi sankayenera kugwira, ku Magomero ankagwira. Chikoti chinalipo, ndipo Listonia ankadziwika kuti mtima wake unali wapachala.

Tsono apa mpamene mwini filimu akulowa. Alexander Livingstone Bruce anabwera kudzakhala kuno mu 1908, ndipo mu 1913 iye ndi mkulu wake anagula katundu yense wa bungwe lija n'kupanga kampani ya A. L. Bruce Estates. Mayi awo Agnes anali atamwalira mu 1912, mkulu wake David anamwalira mu 1915, ulamuliro wonse unatsala m'manja mwa Alexander yekha. Zimene anthu amaiwala n'zakuti zaka zomwe thangata anafika poipitsitsa ku Magomero ndi zaka zomwe mwini wakeyo anali pompo, akuona ndi maso ake, osati ali ku Scotland kumangolandira makalata. Lamulo loti pa esiteti pasakhale sukulu kapena tchalitchi cha mtundu wina uliwonse linali lake. Maganizo ake sankawabisa, ankaona kuti munthu wakuda wophunzira alibe malo m'dziko la atsamunda, wakuda ntchito yake ndi khasu. Ganizirani, mdzukulu wa mmishonale, chidzukulu cha Robert Moffat amene anamasulira Baibulo lonse mu Chitswana, akuletsa ana kuphunzira a e i o u pa malo okula pafupifupi ngati boma lathunthu. Nthawi yomweyo ku Scotland kunali mendulo yaulemu ya Livingstone yomwe mayi ake anakhazikitsa mu 1901, ikuperekedwa kwa anthu otchuka oyendera maiko.

Kumalire kwenikweni kwa esitetiyo, ku Mbombwe, kunali John Chilembwe. Anabwerako ku Lynchburg ku Virginia mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission (PIM) mothandizidwa ndi National Baptist Convention ya anthu akuda a ku America, ndipo akhristu ake ambiri anali omwewo a thangata a Bruce. Ndiye chilichonse chochitika m'minda ya thonje chinkafika m'makutu mwake Lamulungu lililonse. Akhristu ake akamanga katchalitchi ka mitengo ndi udzu mkati mwa esiteti, komwenso kankakhala sukulu, Listonia ankatumiza anthu kukatentha, ndipo zinachitika kangapo, makamaka cha mu 1913. Wogwira machesi anali Listonia ndi akapitawo ake koma lamulo linali la Bruce. Onjezanipo chilala ndi njala ya 1912 ndi 1913, msonkho wokwera, ngongole za mishoni, ndi kachipongwe ka tsiku ndi tsiku koti munthu wakuda ngakhale wavala suti avule chipewa akaona mzungu. Nkhani ya chipewayi si yaing'ono, mboni zambiri zinaitchula pambuyo pake, ndipo n'chifukwa chake chiboliboli cha Chilembwe chomwe Samson Kambalu anaimika ku Trafalgar Square ku London mu 2022 chinali chovala chipewa.

Za usilikali zomwe mwafunsa zikulowa apa. Dziko la atsamunda linali ndi asilikali a mitundu iwiri, a King's African Rifles omwe anali asikari akuda olamulidwa ndi maofisala achizungu, ndi Nyasaland Volunteer Reserve, gulu la azungu wamba, alimi a m'maesiteti, amasitolo, makalaliki, omwe ankaphunzira kuombera ndi kusunga mfuti kuti zikavuta aitanidwe. Kutanthauza kuti mzungu yemwe ankakuwerengera masiku a thangata Lachisanu ankatha kuvala khaki Loweruka n'kukhala boma. Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, sitima ya Angelezi ya Gwendolen inakaononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann panyanja, ndipo pa 9 Seputembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga komwe asikari akuda anafa mbali zonse ziwiri. Asilikali ambiri anatumizidwa kumpoto, ndipo Bruce monga ofisala anapita nawo. Chilembwe mu Novembala analembera Nyasaland Times kalata yodandaula kuti n'chifukwa chiyani anthu osauka omwe alibe kalikonse akufera nkhondo ya eni chuma, boma linaletsa kalatayo ndipo linayamba kukonza zomuthamangitsa m'dziko.

Ndiye Loweruka pa 23 Januwale 1915 usiku, anthu a Chilembwe atafika pa Magomero mwini esiteti kunalibe, anali kunkhondo kumalire a kumpoto. Anapeza Listonia m'nyumba ndi mkazi wake Katherine ndi ana awiri, anamubaya ndi mikondo n'kumudula mutu mkazi wake akuona. Duncan MacCormick yemwe ankakhala pafupi anaphedwanso, ndipo ku Mwanje, gawo lina la esiteti yomweyo, anapha Robert Ferguson pomwe John Robertson ndi mkazi wake anathawa mumdima. Azungu atatu onse omwe anafa anali antchito a Bruce. Amayi ndi ana achizungu anatengedwa koma sanawapweteke, anawamasula patapita masiku ochepa, poti Chilembwe analamula kuti akazi asakhudzidwe. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nkhokwe ya mfuti ya Mandala koma linangopeza zochepa. M'mawa mwake Lamulungu Chilembwe analalikira ku Mbombwe mutu wa Listonia uli pamtengo.

Zotsatira mukuzidziwa, ndingodutsamo. A Volunteer Reserve ndi asikari analanda Mbombwe pa 26 Januwale, tchalitchi chachikulu cha njerwa anachigwetsa ndi mabomba, Chilembwe anaomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi malire a Mozambique kudera la Mulanje. Anthu ngati John Gray Kufa ndi Duncan Njilima anaphedwa ataweruzidwa mothamanga, onse ophedwa motero anali makumi angapo, pafupifupi 300 anatsekeredwa, ndipo azungu odzipereka aja anayendayenda m'midzi kutentha nyumba ndi kuombera anthu popanda mlandu kuzengedwa. PIM inatsekedwa mpaka 1926 pomwe Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso.

Gawo lomwe ndikufuna mulimvetse bwino ndi la komishoni yofufuza yomwe Bwanamkubwa George Smith anakhazikitsa, ripoti lake linatuluka mu 1916. Mboni zinafotokoza zonse, miyezi yotalikitsidwa, kumenya, fodya m'malo mwa ndalama, matchalitchi otenthedwa. Komishoni inavomereza kuti zinthu pa esiteti ya Bruce sizinali bwino ndipo kuti zina zinali zosemphana ndi lamulo. Koma mlandu unagwera ndani? Listonia, munthu woti ali m'manda sangayankhe. Mbali ina anaikankhira kwa amishoni kuti akuphunzitsa anthu akuda mopitirira muyezo. Bruce anaperekera umboni ngati munthu wolemekezeka, mwini malo wamkulu, ofisala wobwera kunkhondo ya mfumu, ndipo sanabise kuti sankalola sukulu pamalo pake, koma palibe chomwe chinamuchitikira. Anakhalanso membala wa Legislative Council, nyumba yopanga malamulo yomwe munthu wakuda sanalowemo mpaka 1949, komwe ankayankhulira eni maesiteti anzake. Azungu a m'boma kudzudzula mdzukulu wa David Livingstone pakati pa nkhondo kukanakhala kudzitsutsa okha, poti dzina limenelo ndi lomwe ankaonetsa akafunsidwa kuti kuno akudzatani.

Sindikuti Listonia anali nkhosa ayi. Anthu omwe anamenyedwa anamenyedwa ndi dzanja lake, ndipo agogo anu sankatchula dzinalo mwachikondi ndikhulupirira. Koma umboni woti vuto silinali mtima wa munthu mmodzi ndi wosavuta, Listonia atafa thangata ku Magomero sanafe. Boma linayesa lamulo mu 1917 loti anthu azitha kulipira lendi ndi ndalama m'malo mwa ntchito, eni maesiteti analikana ndi kulizemba mpaka linangokhala la papepala. Mu 1928 kunabwera lamulo lina la anthu okhala m'maesiteti lomwe linalola kulipira ndi ndalama, ntchito kapena mbewu, koma linapatsanso eni malo mphamvu yothamangitsa anthu. Thonje litayamba kukanika Bruce anatembenukira ku fodya wochiza ndi utsi, tsopano osati kulima yekha koma alendi alime m'minda yawo n'kugulitsa kwa iye yekha pamtengo womwe iye wanena. Munthu walima, wathyola, wakhala usiku wonse akusonkhezera moto m'chigafa, pa sikelo kalaliki wa esiteti ndi amene akunena giredi ndi mtengo, ndipo kukagulitsa kwina n'kuswa lamulo. Amene munalimapo fodya ngati matenanti ku Kasungu kapena ku Mchinji mukudziwa kuti kachitidwe aka sikanapite ndi atsamunda.

Chodabwitsa n'chakuti ndi zonsezi kampaniyo sinalemere. Inayamba ndi mpamba wochepa poyerekeza ndi kukula kwa malo, gawo lalikulu silinkalimidwa n'komwe, ndipo zaka zambiri inkangoyendera kuluza. Malo okhala ngati dziko, anthu masauzande ogwira ntchito pafupifupi yaulere, koma mabuku a kampani osaoneka bwino. Ine ndimaona kuti thangata yemweyo ndi amene anaigoneka, poti munthu amene sakulipira antchito alibe chomukakamiza kuganiza za ulimi wabwino, ndipo wogwira mokakamizidwa amalima mongoti tsiku lilembedwe.

Nkhondo yachiwiri itatha zinthu zinasintha. Anthu anachuluka ku Shire Highlands, malo a mafumu anadzaza pomwe maesiteti ali ndi tchire lopanda ntchito, mikangano yothamangitsa anthu inakula, ndipo mu 1946 Sir Sidney Abrahams atafufuza nkhani ya malo analangiza boma kuti ligule malo osagwiritsidwa ntchito ndi omwe pakukhala anthu ambiri. Kenako njala ya 1949 inavuta kwambiri kum'mwera. Mu 1952 boma linagula maekala pafupifupi 75,000 a Magomero kuti likhazikepo anthu, ena otsala anagulitsidwa kwa anthu ndi makampani ena. Taonani pamenepo, malo omwe bambo anawapeza ndi nsalu ndi mikanda, mwana anawagulitsa kuboma ndi mapaundi, kuti zidzukulu za eni ake enieni ndi za omwe anawalima zipeze pokhala. Alexander Livingstone Bruce anamwalira pa 12 Febuluwale 1954 ali ndi zaka 72, patatha zaka pafupifupi 40 akulamula Magomero, ndipo kampani yake inatsekedwa zaka zochepa pambuyo pake. Thangata ngati lamulo anathetsedwa mu 1962, chipani cha Malawi Congress chitalowa kale m'boma.

Za banja la Listonia poti mwafunsa kuti anathera kuti, Katherine anabwerera ku Scotland ndi ana ake awiri aja. Wamkazi anamutcha Nyasa, anali ndi zaka pafupifupi zisanu usiku umenewo. Wamwamuna Alastair anali khanda lobadwa mu 1914, anakula n'kukagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Sudan, kenako anabwerera ku Lismore komwe anakhala mkulu wa mfunda wawo ndi udindo woti Baron of Bachuil, wosunga ndodo yakale ya woyera Moluag, ndipo anamwalira mu 2008.

Mukabwera pa holide, achimwene, kuchokera pa Namadzi kupita ku Mbombwe si patali, tchalitchi cha PIM chomwe chilipo pano chinamangidwa pambuyo pa kubwera kwa a Malekebu, ndipo pa 15 Januwale chaka chilichonse pamakhala mapemphero a tsiku la Chilembwe. Koma musanapite kumeneko yambani mwakhala pansi ndi akuluakulu omwe atsala m'mudzi mwanu, muwafunse kuti mudziwo unayamba ndi ndani, mfumu yoyamba inali kapitawo kapena ayi, makolo anawoloka liti, ndipo malo omwe mukulimawo anawapatsa ndi esiteti kapena ndi boma pambuyo pa 1952. Mujambule pafoni zomwe anganene, ndipo mukapeza kanthu munditumizire pa imelo yomweyi.